Ndinadutsitsa alendo pandagala

Banja langa linatha chifukwa ndinagonjera mlendo wamwano, ndipo mpaka lero ndikamukumbuka mtima umawira. Inu owerenga, makamaka anzanga operekeza alendo m'mapiri, mvetserani.

Kwathu ndi kwa Kalembo ku Balaka, koma ndinakwatira ku Machinga, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, ndipo ndinkakhala chikamwini. Ntchito yanga inali yotsogolera alendo okwera phiri. Njira zonse ndinkazidziwa, ya kumathithi, ya kumapanga, ngakhale ya chidule yodutsa m'nsungwi.

Nyengo ina sukulu zitatsekera kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe ndi anzake. Ankalankhula ngati phirilo anachita kugula. Potsika anayamba kudandaula bondo, n'kulamula kuti tidzere chidule. Ine ndinali nditaona kale mbendera yofiira pamtengo. Aliyense kumeneko amadziwa tanthauzo lake: kutsogoloko kuli ndagala, msasa umene anyamata amagonera pa nthawi ya chinamwali cha jando, ndipo munthu wamba sayandikirako. Ndinamufotokozera, iye n'kuseka.

"Iwe, takutenga kuti utionetse phiri kapena utiphunzitse mwambo?"

Ndinachita manyazi pamaso pa anzake, ndipo mopusa ndinatsogola. Ndinawachonderera kuti adutse msangamsanga, maso pansi. Anzakewo anamvera. Koma iye atamva nyimbo anapatuka, anasuzumira pampanda wa udzu n'kujambula ndi foni. Nditamukoka dzanja anandikankha. Titatsika anakwera galimoto yake osatsanzika n'komwe.

Posakhalitsa chithunzicho chinali m'mafoni a anthu mpaka ku Nselema. Ana a eni ake, nkhope zikuoneka bwinobwino, ndipo pakati pawo panali mlongo wake wa mkazi wanga. M'munsi mwake mbuli ija inalemba dzina langa, ati kundithokoza poionetsa zobisika.

Amalume ake a mkazi wanga sanakweze mawu. Anandipeza pakhonde n'kunena kuti, "Akamwini, tinakupatsani mwana wathu, munda, ndi phiri lomwe. Iyayi, mwativula. Longedzani." Mkazi wanga ankasenda chinangwa, mwana ali kumbuyo, ndipo sanadzutse mutu.

Ndinamuimbira munthu uja kuti achotse chithunzicho. Anandifunsa kuti ndine yani, n'kudula foni. Galu wachabechabe! Ndimadana naye, sindibisa, ndipo ngakhale abusa andiuze kangati kuti ndikhululuke, sindinafikepo.

Inu owerenga, mlendo akakakamira njira yoletsedwa, khalani pansi pomwepo, atukwane mpaka atope. Iye dzuwa likapendeka apita kwawo, milandu yotsala ndi yanu. Nanunso okwera mapiri ndi mafoni anuwo, musamaone ngati tchire lililonse lilibe eni ake. Mukauzidwa kuti uku sakudutsa, bwererani, bondo silikuphani.

Ine pano ndikugwira maganyu m'minda ya anthu kwa Kalembo. Mwana wanga akuti anayamba kuyenda. Ndinangomva kwa wogulitsa tomato.