Njinga ya Che Atumani pa Chitunda cha Chowe

Che Atumani Jaffalie amatemera nkhuku. Ntchitoyi anaiyamba atasiya ya kudibi, kumene ankasambitsa ng'ombe za anthu akadali mnyamata. Amakhala kutsidya kwa mlatho wa Mangochi pamodzi ndi akazi awo, Abiti Omari, m'nyumba ya njerwa zootcha yomwe sanaipake pulasitala mpaka lero. Ndi munthu wamfupi, wouma thupi, wosakhalitsa pamacheza. Midzi yomwe amatemera ili kumtunda, cha ku Chowe.

Katemera wa chitopa amakatenga kuboma, m'kabotolo kotalika ngati chala. Amakakulunga m'kansalu konyowa, n'kukaika m'kadengu koluka kuti mphepo izidutsa. Nkhuku iliyonse imalandira dontho limodzi m'diso, tambala ndi mwanapiye chimodzimodzi. Dontholo silivuta. Chovuta n'kuipeza nkhukuyo, pakuti ya kumudzi ikangotuluka m'mawa, basi yapita. Ndiye amatumiza uthenga tsiku lisanafike, amayi n'kutsekera nkhuku zawo m'makola ndi m'makhitchini mpaka wotemera afike. Koma mwezi wa Okutobala nkhuku sungaitsekere nthawi yaitali. Dzuwa likakwera imayamba kupumira kukamwa, ndipo mwini wake amatsegula.

Njinga yawo yamoto ndi yakale, ya mtundu uja ankayendera alangizi a zaulimi, yolira mawu ang'ono ndi kusiya utsi wabuluu m'mbuyo. Injini zotere zimawotcha petulo pamodzi ndi oyilo. Yawo ili ndi kathanki kakekake ka oyilo pansi pa mpando, ndi kapampu komwe kamadonthezera oyiloyo mu injini. Akabaza a pasiteji amaitcha agogo. Njingayo inanyamulapo chimanga, mbuzi ya Idi, ndi Abiti Omari tsiku lomwe shuga anawagwetsa, ndipo inali isanawasiyepo panjira.

Chaka chino inayamba khalidwe lachilendo. Akaiponda inkalira bwinobwino. Poyenda pang'onopang'ono inalibe vuto. Koma akangopotokola mafuta kufika pakati, mawu ankakhuthala, bwo, bwo, bwo, ngati munthu wotsamwa, mphamvu n'kuthawa. Akakakamiza mpaka kumapeto inkadzidzimuka n'kuthamanga, koma pamsewu wosakwera pokha. Tsono chitunda cha Chowe n'chokhotakhota. Sungachikwere mothamanga, sungachikwerenso mokwawa. Chimafuna pakati pomwepo.

Tsiku lomwe anapangana ndi amayi a ku Chowe, njingayo inafooka pachitunda n'kuzima. Anaikankha. Munthu wa msinkhu wawo kukankha chitsulo pamtunda si ntchito yachangu, ndipo anakafika dzuwa lili paliwombo. Nkhuku zinali mbalambanda, zikupalasa pansi pa mitengo ya mango. Mayi Celestina, omwe amamema amayi anzawo pa nkhani ya katemera, anali pakhonde akusankha nandolo.

"Mwabwera kudzatemera ifeyo?" anafunsa, osadzutsa mutu.

"Njinga, mayi."

"Zanga ndazitsekera m'khitchini kuchokera m'bandakucha. Zanyera mpaka m'mapoto. Kumidzi ya kumunsiku zayamba kale kugwa, mwamva?"

"Ndamva."

"Loweruka titsekeranso. Mukapanda kufika, uthenga musadzatumizenso. Tidzangozipha n'kudya chitopa chisanatithandize."

Sanali kuseka. M'midzi imeneyi nkhuku ndiyo sopo, ndiyo galimoto yopita kuchipatala. Che Atumani anadziwanso kuti amayi akataya mtima n'kusiya kutsekera, ntchito yawo yathera pomwepo.

Atafika kwawo anasintha pulagi. Anamasula kabuleta, n'kuitsuka ndi petulo m'mbale yakale, n'kupemerera m'timabowo tonse. Anachapa siponji yosefa mpweya. Njingayo inangochita chimodzimodzi. Lachisanu m'mawa anaitengera kwa a Yakobo.

A Yakobo anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ali kamnyamata, ndipo sanabwererenso. Amakonza injini za maboti pansi pa mtengo wa mkuyu, m'mphepete mwa Shire. Awiriwa anadziwana kalekale, ndipo moni wawo ndi kunyozana.

"Mwabwera nayo kumaliro kapena kuchipatala?" anatero a Yakobo.

"Imvereni kaye, pakamwa mutsegule pambuyo."

A Yakobo anaikwera, kukafika pomwe msewu umakhotera, n'kubwerera. Anamasula pulagi yatsopano ija. Inali itada kale, yonyowa. Anapisa chala kukamwa kwa ekizozi, chala n'kutuluka ndi phula lakuda. Kenaka anatsegula thanki, kuviika kamtengo, n'kukayang'ana padzuwa.

"Muli chiyani umu?"

"Petulo."

"Petulo ndi chiyani?"

"Ndi kaoyilo pang'ono."

"Kathanki ka pansi pa mpando kanauma?"

"N'kodzaza."

"Nanga uyu wa m'petuloyu wabwera kudzatani?"

Che Atumani anafotokoza. Mlamu wawo wa ku Makanjira, mwini boti, ndiye anawauza kuti injini yokalamba imafuna oyilo m'petulo momwemo, monga amachitira asodzi. Anati kapampu ka zaka zonsezo si kokadalira. Mawuwo anamveka anzeru. Anayamba ndi kachivundikiro ka botolo. Njinga itayamba kufooka anaganiza kuti ndi ukalamba, ndiye anawonjezera. Itafookeratu anawonjezeranso.

A Yakobo anapukuta chala pa ovololo. "Nkhuku mumaidonthezera kangati?"

"Kamodzi."

"Ikakhala yokalamba?"

"Kamodzi komweko."

"Ndiye njinga inakulakwirani chiyani? Injini za maboti za alamu anuzo zilibe kapampu, n'chifukwa chake amasakaniza. Yanuyi ikudya kuwiri. Oyilo wosapsa akukaunjikana mu ekizozi, utsi ukusowa potulukira. Poyenda pang'ono utsi ndi wochepa, umadutsa. Mukafika pakati, yatsamwa."

"Oyilo sanaphepo injini," anatero Che Atumani.

"Sanaiphe. Waitseka kummero."

Che Atumani sanakhutire. Anati bwanji ngati kapampuko kanafadi, iwo n'kusiya kuthira, injini n'kukauma pachitunda? A Yakobo sanatsutse. Anazula kapaipi kochokera kupampu, n'kuliza injini kanthawi kochepa, poti m'petulomo oyilo analimo kale wokwanira. Kukamwa kwa kapaipiko kunatuluka dontho, kenaka lina. Atakoka waya wa pampu madonthowo anafulumira. Che Atumani ananjuta n'kuyang'anitsitsa kwa nthawi.

"Kali moyo," anatero.

"Kuposa inu ndi ine."

Anamasula ekizozi. Inali yolemera ngati muli mchenga. A Yakobo anasolola kachitsulo ka mabowomabowo komwe kamakhala kumapeto kwake, ndipo mabowo ambiri sankaoneka n'komwe. Anasonkha moto wa nkhuni ndi zitsononkho, n'kugoneka paipi yonseyo pamwamba. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka kunayamba kutuluka utsi wachikasu, wonunkha, mbali zonse ziwiri, ndipo phula linkathetheka m'kati.

Mayi wina wokazinga utaka chapafupi anakuwa: "A Yakobo, nsomba zangazi mugula ndinu?"

"Dandaulirani a dokotala a nkhukuwa, mayi. Phula lonseli ndi lawo."

Nthawi ya swala ya Ijumaa itakwana, Che Atumani anasamba m'manja ndi mchenga ndi sopo, n'kupita kumzikiti. Pobwerera anapeza paipi yazizira. A Yakobo anali kuigogoda ndi mtengo, ndipo mwaye unkagwa zibulumazibuluma ngati makala. Anali atapalanso pakamwa pa injini pomwe ekizozi imalumikizira, pogwiritsa kachidutswa ka sowo, mosamala kuti zinyalala zisagwere m'kati. Khomo lomwe linatsala ngati diso la mbuzi linabwerera kukula kwake.

Petulo yense wa m'thanki anamukhuthulira m'chigubu, n'kumupatsa msodzi wina yemwe ankadikira injini yake. Anathira wina woyera. Pomaliza a Yakobo anasolola singano ya m'kabuleta, yomwe imayeza mafuta dzanja likakhala pakati. Anaigudubuza pagalasi losweka n'kuonetsa Che Atumani pomwe inadyeka.

"Iyinso yatha. Ikudutsitsa mafuta ambiri. Ndiitsitsa pang'ono, ikhala bwino. Koma ina yotere m'Mangochi muno simuipeza."

"Ikafike Loweruka basi."

"Loweruka ifika. Za chaka chamawa musandifunse."

Atamanga zonse, njingayo inalira mawu omwe Che Atumani anali atawaiwala, owuma, akuthwa. Anaiyendetsa mumsewu wa kumsika. Dzanja litafika pakati, phazi lawo linali litakonzeka kale kutsitsa giya monga linazolowerera. Sipanafunike. Njinga inangokoka.

"Pamsewu wosalala ngakhale bulu amathamanga," anatero pobwerera. "Tikaonera pachitunda."

Loweruka anayamba kukonzeka atangomaliza swala ya m'mawa. Abiti Omari ananyowetsa kansalu, iwo n'kukulunga kabotolo, n'kumangirira kadengu kutsogolo. Anaima pomwetsera mafuta. Mnyamata wothira petulo atamaliza, dzanja la Che Atumani linalowa lokha m'thumba la jekete, momwe munali kabotolo ka oyilo. Anakagwira kanthawi. Kenaka anakasiya m'thumba momwemo, n'kutseka thanki.

Kumunsi kwa chitunda kunali lole yodzaza matumba a simenti, ikubuula. Anaipitirira. Pokhota poyamba anabweza dzanja, n'kupotokolanso kufika pakati, makutu ali tcheru kudikira bwo, bwo uja. Sanamveke. Anadutsa pomwe inazimira tsiku lija, pomwe anakhala pamwala kupuma. Sanayang'anepo. Pokhota pena pothina injini inakhosomola kamodzi, koma inagwiranso. Anafika pamwamba mthunzi wa mitengo udakali wautali.

Mayi Celestina anamva kulira kwa njinga asanaione. Anatuluka akumanga chitenje.

"Lero mwagona panjira?"

"Tsegulani khitchini, mayi, koma pang'ono."

Anakhala pa kampando pakhomo. Mayi Celestina ankalowa n'kutuluka ndi nkhuku imodziimodzi, kuigwira mapiko ndi miyendo, kuipendeketsa mutu. Che Atumani ankadontheza, kudikira kuti iphethire, n'kunena kuti, "Ina." Atatha pamenepo anayenda wapansi khomo ndi khomo, mayiwo ali patsogolo kuitana anzawo. Makomo ambiri anali atatsekera. Ena ayi. Mayi wina anati iye sakanazunzanso nkhuku zake chifukwa cha njinga ya munthu. Pakhomo lina anapeza nthenga pa dzala, eni ake atayamba kale kupha. Che Atumani sanakangane ndi aliyense. Nkhuku yomwe ili panja saithamangitsa, ndipo yodwala kale saidonthezera.

Dzuwa lisanafike pamutu kabotolo kanali katatha. Anamwa thobwa ataimirira, n'kutsika.

Chitopa chinalowa m'mudzimo mwezi womwewo usanathe. Makomo omwe sanatsekere anatsala ndi makola opanda kanthu. Kwa Mayi Celestina kunafa anapiye ochepa omwe anaswa pambuyo pa katemera, zina zonse zinatsala. Mayiwo anatumiza mawu kudzera kwa wakabaza wina, kufunsa tsiku la katemera wotsatira, n'kunenanso kuti amayi a mudzi woyandikana nawonso akufuna azitsekera. Che Atumani anayankha kuti mvula ikangodula pang'ono adzabwera, ndipo auze onse atseke.