Tsiku Limene Abambo Anati "Kula"

Ndikakumbukira chisanu cha chaka chimene mng'ono wanga anabadwa, choyamba kubwera m'maso ndi kaphazi kake, kofiira, kosaposa chala changa chachikulu, kakusuzumira kunsi kwa chitenje chimene Amayi anamumangirira nacho pachifuwa. Tinkakhala ku Chinsapo, m'nyumba zalendi zamdadada, pomwe m'mawa uliwonse utsi wa mbaula unkakwera khomo ndi khomo n'kusakanikirana ndi fungo la mbatata yootcha ndi la sopo wochapira matewera. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane ku chipatala cha Likuni, ndipo powatulutsa anamwino analangiza kuti azikhala pachifuwa pa Amayi, khungu likhudzane ndi khungu. Sankalira ngati makanda ena. Ankangotsegula kukamwa n'kutsekanso, ndipo mkaka ankamwetsedwa wofinyira m'kakapu.

Ine ndinali wa sitandade 2. Anzanga akamaponya mpira wa fulaye kuseri kwa mdadada, ine ndinkapita kukatunga madzi pa kiyosiki, kenako n'kuyanika timatewera tija pa waya. Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri sichinali ntchito, koma chakuti mwanayo analibe dzina. Mchombo unagwa, chikuta chinatha, koma tinkangomutchula kuti mwana. Dzina linkayenera kuchokera kwa Abambo, ndipo Abambo anali chete. Akaweruka ku ntchito yawo ya fodya ku Kanengo ankaima pakhomo la kuchipinda, n'kufunsa ngati wayamwa, n'kubwerera. Sanamunyamulepo. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti pakati pa ine ndi mwanayu panabadwa kamnyamata, Abambo anakatcha dzina la atate awo, ndipo kanangopita kasanakhale n'komwe pansi.

Pamdadada pathu munthu akayetsemula sankasiyidwa osayankhidwa. Wamkulu tinkamuuza kuti "moyo", mwana tinkamuuza kuti "kula". Mawuwo ankadutsa ngakhale pakhoma, kuchokera kwa munthu amene mwayambana naye dzulo lake. Ndi Abambo okha amene sankanena, ati n'zachikale zosayenera munthu wopemphera. Tsiku lina ndinafunsa a Nachisale, mayi wa ku Dedza amene ankagulitsa makala pakhomo loyandikana ndi lathu, kuti mwambowu unachokera kuti. Anandiyankha akupakira makala m'jumbo, nkhope ili bii.

"Iwe mafunso ngati wapolisi. Moyo wa munthu umakhala apa," anatero akundidina pamphuno ndi chala chamakala. "Wa khanda ndiye usanene, ndi mlendo amene sanavule nsapato. Akayetsemula, chitseko chatseguka. Akale ankafulumira kumuuza kuti pano pali anthu, usapite. Ukachedwa, adziwa bwanji kuti akufunidwa?"

Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu ankanena zina, kuti ngakhale kumaiko a azungu anayamba kudalitsana chotero nthawi ya mliri, pamene kuyetsemula kunali chizindikiro choyamba cha matenda. Ine zonse ziwiri zinkandiopsa mofanana. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala pafupi ndi Amayi makutu ali tcheru, mawuwo ali okonzeka pa lilime, kuopa kuti mlendo wathu angatsegule chitseko popanda womuyankha.

Zinachitika Loweruka m'mawa, dzuwa litangoyamba kufunda. Amayi anatuluka n'kukhala pampando pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba anamasula chitenje pang'ono kuti mwana awothereko dzuwa. Abambo anali chapomwepo akupukuta nsapato zawo zakutchalitchi, a Nachisale akusesa pakhomo pawo. Kuwala kutagunda kankhope kaja, kamwanako kanakwinya, kanatukula timanja, n'kuyetsemula. Kanali kaphokoso kochepetsetsa, ngati ka mwana wa mphaka, koma ndinaona thupi lonse likugwedezeka ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ilimo. Mawu ndinawakonzekera aja anandithawa. Tsache la a Nachisale linaima. Amayi anatsegula pakamwa, koma wina anawatsogolera.

"Kula," anatero Abambo.

Ananena motsitsa, nsapato idakali m'manja, ngati mawuwo atuluka osawapempha. Palibe anawayang'ana. A Nachisale anayambiranso kusesa malo amene anali atasesa kale. Kenako Abambo anaika nsapato pansi, anapukuta manja pa thalauza kwa nthawi yaitali, n'kutambasula mikono. Madzulo a tsiku lomwelo mwanayo anatchedwa Tadala. Lero ndi wamtali kundiposa, ndipo amayetsemula mokuwa moti mu minibasi anthu amatembenuka.

Panopa ndili ndi khanda langalanga kuno ku Area 25, ndipo ndivomere kuti ndine mayi wamantha. Akagona ndimaika chala pansi pa mphuno yake kuti ndimve mpweya. Akatsokomola kamodzi ndimayamba kufunafuna buku la kusikelo. Kukoleji ndinaphunzira kuti kuyetsemula n'kuchotsa fumbi m'mphuno basi, ndipo sinditsutsa. Koma pano aliyense ali mu mpanda wake, geti lotseka, ndipo mwana wanga akayetsemula palibe khoma limene limayankha. Ndiye ndimafulumira ndekha, ngakhale ndili ndi sopo m'manja kubafa, ndimakuwa ndili komweko. Tsopano ndikumvetsa chimene chinawatengera Abambo nthawi yonse ija. Kuuza kanthu kochepa chonchi kuti kakule ndi kuvomera kuti ukufuna kakhale, ngakhale ukudziwa kuti kakhoza kukusiya. Dzulo anayetsemula ali m'manja mwa agogo ake aamuna, Abambo omwe aja, tsitsi lili mbuu. Ndinatsegula pakamwa, koma anali atanena kale.