Ndinaona ntchentche pa nyama koma ndinaopa mkamwini

Inu owerenga, ine ndinataya mdzukulu wanga chifukwa cha mpunga wa nyama umene tinadya pa lesitilanti ku Balaka. Maso angawa anaona kuti chakudya chija sichinali bwino, mphuno nayo inandiuza, koma pakamwa ndinatseka. Sindikukamba izi kuti mundimvere chisoni iyayi. Ndikukamba chifukwa ndimaona anthu akuyenda maulendo ndi ana, akudya paliponse pamene aima, ndiye mtima wanga sukhala m'malo.

Kwathu ndi kwa Kawinga, kufupi ndi njanji yopita ku Nayuchi. Ana aakazi ndinabereka awiri. Wamkulu, Esinati, anakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito ya njanji, ndipo ankakhala ku Balaka. Wamng'ono, Filesi, ankakhala nane pamudzi. Mwana wake woyamba ndiye anali Malita, kamtsikana kolongolola, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Ankagona pamphasa panga, ndipo kulikonse kumene ndapita, kaya kudimba kaya kumtondo, iye ali pambuyo, anganga anganga.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Titatha kukolola, kunja kutayamba kutentha, mkamwini wa ku Balaka uja anatenga tchuthi ku ntchito n'kutumiza uthenga kuti ndipite ndikapumuleko khasu. Filesi anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndiye sakanatha kuyenda. Anamumangira Malita tizovala m'kansalu n'kunena akuseka kuti, “Amayi, pitani naye akaoneko magetsi. Koma mubwere naye, Esinati ndimamudziwa, akamukaniza.”

Tsono mumvetse za chipongozi cha kwathu, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana kumaso. Sadyera pamodzi, sakhala mphasa imodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kuthengo kuti mnzake adutse. Mawu amadzera mwa mwana wako. Mkamwini wanga uja anali munthu waulemu kwambiri. Nyumba yawo inali yaing'ono, ndiye iye asanalowe ankayamba watsokomola pakhomo, ine n'kutulukira kuseri. Dzina lake sindinalitchulepo, ngakhale lero sinditchula.

Masiku oyamba anali okoma, ndisaname. Malita ankatsegula mpopi n'kuthawa madzi akatuluka, kenako n'kubwerera kukatsegulanso, mpaka Esinati anatopa n'kumukalipira. Tinakapemphera m'tchalitchi chachikulu momwe mawu a wansembe ankamveka kawiri. Tinaona magalimoto, masitolo, azimayi ovala nsapato zazitali. Mwana uja ankati akakafika kumudzi akauza anzake mpaka atatopa.

Tsiku loti mawa tinyamuka, Esinati anabwera kuseri kudzandiuza kuti amuna ake akufuna atitsanzike potidyetsa pa lesitilanti ya pafupi ndi msika. Ine chibadwire ndinali ndisanadyepo chakudya chogula chokhalira pansi. Mkamwini anavala malaya oyera ositidwa bwino, akuyenda patsogolo patali, ife pambuyo. Aliyense amene wakumana naye ankamuuza kuti ndili ndi apongozi anga ochokera kwa Kawinga. Munthu uja ankanyadira.

Titafika, iye ndi Esinati analowa m'kati pa matebulo. Ine sindikanatha kudya iye akundiona, ndiye mwini malo anatiyalira mphasa kuseri, pakhonde la kukhitchini, ine ndi Malita. Odyera m'kati amangoona mbale ikubwera itakonzedwa. Ine ndinakhala pamene mbaleyo imachokera.

Mayi wophika anatulutsa mphika wa nyama pansi pa tebulo, wosavundikira. Ntchentche zobiriwira zija zinadzuka pamwamba pake kuti wuu. Pamsuzi panali thovu. Mayi uja anayengula thovulo ndi chipande n'kukhuthulira galu, n'kuthiramo madzi, tomato, mchere ndi ufa wachikasu uja amakometsera ndiwo. Anateleka pamoto kanthawi kochepa, osawira n'komwe, kungofunda basi. Mpunga unali m'beseni, woumbika ngati wagona, ndipo ankauphwanya ndi manja akuwaza madzi. Mbale zonse ankazimiza m'madzi amodzi omwewo, akuda ngati a m'chithaphwi, n'kupukuta ndi nsalu imene anali atamanga m'chiuno.

Ataona kuti ndikumuyang'anitsitsa anaseka n'kunena kuti, “Mwachokera kumudzi eti, amayi? Kuno kulibe nkhokwe, sititaya chakudya. Moto umapha zonse.”

Mbale zathu zitafika, Malita ananunkhiza n'kukwinya nkhope. Anati, “Anganga, ndiwozi zikununkha ngati thobwa la dzana.” Ine ndinamutsina pantchafu, ndikumunong'oneza kuti khala chete, akumva bambo ako aakulu.

Inu owerenga, ndiwo zosasa ndimazidziwa, ndakalamba ndikuphika. Koma ndinadzinamiza ndekha kuti kapena ndi mmene zimanunkhira za m'tauni, kapena ndi ufa wachikasu uja. Pansi pa mtima ndinkadziwa chimene ndikuopa. Ndingabweze bwanji mbale imene mkamwini wagula, pamaso pa anthu amene wawauza kuti akudyetsa apongozi ake? Mwayi ndinali nawo. Esinati anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, “Amayi, akufunsa ngati zakoma.” Ine ndinayankha kuti kawauze tathokoza, zakoma kwambiri.

Kwathu mpunga wa nyama tinkauona pa Khirisimasi pokha. Malita, atatsinidwa kuja, anayamba kudya, ndipo njala itamugwira anamaliza mbale yonse mpaka kunyambita zala. Ine ndinatapako mpunga kawiri, kukhosi kunakana. Kusiya mbale yodzaza kukanakhala kunyoza, ndiye wophika atatembenuka ndinakhuthulira zonse m'kabakuli kanga n'kuvundikira, n'kukulunga m'chitenje. Ndinayenda nako masana onse padzuwa lija la ku Balaka, kumasitolo, kusiteshoni, mpaka kubwerera kunyumba.

Mukhoza kufunsa kuti bwanji simunataye m'dzenje. Ife amene tinaona njala tili ana, dzanja limakana kutaya nyama. Dzuwa litapendeka Malita anandipeza kuseri kwa nyumba, akuti anganga mundipatseko ija mwabisa ija. Ndinamupatsa. Sindinatenthetse n'komwe, poopa kuti Esinati akaona adziwa kuti sindinadye. Ndinakhala pambali ndikumuyang'ana akudya, ndikukondwa kuti mdzukulu wanga wakhuta.

Kutacha mwana anadzuka akugwira pamimba. Anasanza kuseri kwa khitchini, ine n'kukwirira ndi dothi. Kenako m'mimba munatseguka. Ndinamuchapira kabudula mwamsanga n'kufinya, n'kubisa m'katundu ali wonyowa. Chipatala sichinali patali, ndinali nditachiona dzulo lake tikuyenda. Koma ndinaganiza kuti ndikanena, zimveka ngati ndikuti mkamwini wadyetsa mwana wa eni chinthu choipa. Kwathu mawu otero sachedwa kukula. Amayamba ndi m'mimba, pofika kumudzi asanduka ufiti, banja la mwana wako n'kutha. Ndinati bola ndikafike kwathu, ndikakumbe mizu imene ndimaidziwa, mawa adzakhala akusewera.

Esinati anaona. Anandifunsa kuti mwanayu bwanji wafooka chonchi. Ndinati watopa ndi kuyenda kwa dzulo, akagona m'sitima. Anatiperekeza yekha kusiteshoni, akuti amuna ake aitanidwa ku ntchito mwadzidzidzi ngakhale ali pa tchuthi, ndipo atsanzika. Ine mumtima ndinapuma, ndikuti aliyense wachoka ndi ulemu wake.

Sitima inaima nthawi yaitali pa Nkaya. Dzuwa linali pamutu, m'kati muli ngati mu uvuni, anthu atadzaza ndi mitolo yawo. Malita ndinapita naye kuchimbudzi cha m'sitima mpaka miyendo yake inaleka kumunyamula, kenako zinkangotuluka ali pamwendo panga. Madzi amene ndinatenga m'botolo ankati akamwa, abwerera pomwepo. Kulongolola kuja kunatha. Maso analowa m'kati, milomo inauma n'kung'aluka. M'kutentha konse kuja anandipempha kuti ndimufunditse, akuti akumva kuzizira.

Moyang'anana nane munakhala mayi wina wogulitsa nsomba, wobwerera kunyanja ya Chiuta ndi madengu opanda kanthu. Anatsina khungu la pamimba pa mwana, khungu lija linangoima osabwerera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Anganga, uyu si mwana wopita naye kumudzi. Mizu ya kumudziko akamwera pati? Tsikani pa Liwonde.” Sitima itaima pa Liwonde anandithandiza kumubereka kumbuyo, katundu wanga anandiponyera pawindo.

Ndinathamanga naye, ine nkhalamba, ndikufunsa njira kwa aliyense. Kumbuyo kwanga mwana anali wopepuka ngati ndabereka nsalu yokha. Pachipatala anatilandira msanga. Namwino anandifunsa kuti wadya chiyani ndipo wayamba liti. Pamenepo ndi pamene ndinanena zoona koyamba, kwa munthu wachilendo: za thovu, za ntchentche, za kabakuli, za m'mawa uja. Sanandikalipire. Anangopukusa mutu n'kunena kuti thupi la mwana ndi laling'ono, madzi sachedwa kutha, ndipo tikanapita naye m'mawa pomwe uja zikanakhala zina. Anayesetsa kumuika diripi, koma mitsempha inali itabisala. Dzuwa lisanalowe, Malita anatisiya dzanja lake lili m'dzanja langa.

Za mmene tinafikira naye kumudzi sindikamba, mtima sulola. Filesi sanandilalatire. Ndikanakonda akanandilalatira, kapena kundimenya kumene. Anakhala pansi ndi mimba yake ija, n'kumasula kansalu ka tizovala, n'kupeza kabudula wonyowa uja. Anamugwira nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, “Amayi, ndiye kuti munachoka naye ku Balaka atayamba kale?” Ndinavomera ndi mutu. Kuchokera tsiku limenelo mpaka anachira, mwana wanga sanandiyankhulenso, ndipo pochira anaitana azakhali ake, osati ine.

Esinati ndi mwamuna wake anafika pa tsiku loika maliro. Mkamwini anali atawonda, akuyenda mogwira pamimba. Anthu anadabwa kumuona akudutsa pamene panakhala amuna n'kulunjika kusiwa, kumene tinakhala azimayi. Anagwada patsogolo panga penipeni n'kundiyang'ana kumaso, koyamba chikwatirireni mwana wanga. Azimayi ena anaphimba kumaso ndi nsalu, koma iye sanasunthe.

Anati, “Amayi, fungo lija nanenso ndinalimva. Ndinafuna kubweza mbale, koma ndinati apongozi aziti ndawatengera pamalo onyozeka. Ndipo m'mawa uja sindinapite ku ntchito iyayi. Ndinali kwa aneba, m'mimba mutatseguka, ndikuopa kuti mundiona ndikulowalowa m'chimbudzi. Ndikanadziwa kuti mwana nayenso wayamba, ndikanamunyamula ndekha.”

Inu owerenga, taganizani. Anthu awiri akuluakulu, wina kuseri kwa nyumba iyi, wina kuseri kwa nyumba inayo, aliyense akubisira mnzake chinthu chimodzimodzi, mwana akutha madzi pakati pathu. Tinalira pamodzi pamphasa imodzi, mwambo uli apo.

Ndiye mverani kwa ine. Mukayenda ndi ana n'kufuna kudya pamalo ogulitsa chakudya, musayambe mwakhala pa tebulo. Zungulirani kuseri mukaone pamene akuphikira. Nsalu yoyera ya patebulo sikuuzani kanthu, koma mphika ndi madzi otsukira mbale akuuzani zonse. Akakukanizani kuona, chokani. Gulani chimene chikuwira inu mukuona, chotentha choti mpaka muuzire. Chofunda chabe chisiyeni, ngakhale achikometsere bwanji. Kukasowa, bola nthochi yosenda nokha kapena chimanga chootcha pomwepo, mwana sangafe ndi njala ya tsiku limodzi.

Mwana akakuuzani kuti chikununkha, mukhulupirireni. Musamutsine ngati mmene ndinachitira ine. Chotsala musayende nacho padzuwa kuti adye madzulo. Tayani, ngakhale dzanja likane. Ndipo m'mimba mukangotseguka pamodzi ndi kusanza, ulendo uthere pomwepo. Musakwere sitima, musakwere basi, musati ndikaonera kwathu. Muzimumwetsa madzi abwino pang'onopang'ono uku mukuthamangira chipatala chimene chili pafupi.

Chipongozi sindikuchinyoza, ndi ulemu wathu, ndipo chimasunga mabanja. Koma pakakhala moyo wa mwana, yankhulani, kaya amene wagula chakudyacho ndi mkamwini, kaya ndi bwana, kaya ndi wansembe. Akakhumudwa adzakhumudwa masiku ochepa, kenako adzaiwala. Mkamwini wanga uja anandiuza yekha titachoka kumanda kuti akanalola ndimuchititse manyazi pakati pa msika, anthu onse akuseka, bola Malita akanabwerera kwa mayi ake akuyenda ndi miyendo yake.