Matumba a Akulu a Mpingo

"Ndale ndi matope a nsapato, munthu amapukuta pakhomo asanalowe m'nyumba."

Ngati mawu amenewa simunawamvepo ndiye kuti simunasoketsepo chovala kwa a Bweramawa. Amawanena mapini atatu ali kukamwa, mutu uli pendeke, liwu likutulukira m'mphuno. Makasitomala akangotuluka amawayeserera mpaka pa siteji ya basi, wina kuluma kamtengo kuti kakhale pini. Eni ake akamva amangoseka, phazi lili pa makina.

A Bweramawa ndi telala. Dzinali analipeza ndi pakamwa pawo. Mukapita Lolemba, bwerani mawa. Mukapita mawalo, "Iii, bwana, mwafulumira, ndimanena mawa linalo." Koma chovala chikatuluka chimakhala ngati munabadwa nacho. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Muli makina akuda opalasa ndi phazi, benchi yogwedezeka mwendo umodzi, galasi long'aluka pakona, ndi katoni yaikulu pansi pa tebulo momwe amaponyamo zidutswa. Chidutswa kwa a Bweramawa sichitayidwa. Ngakhale chochepa ngati chikhatho, amati chili ndi tsiku lake.

Pakona pa zenera pamakhala akazi awo, omwe aliyense amawatchula Mayi Mabatani, chifukwa mabatani, zipi ndi kusita ndi ntchito yawo. Akhala m'banja zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ana anayi, onse akuluakulu. Ndipo chimene tauni yonse imadziwa ndi ichi: bambo ndi a chipani cha Wilibala, mayi ndi a chipani cha Ketulo. Tsiku lovota amatuluka limodzi, amaima mzere umodzi, bambo amawagwirira mayi ambulera, kenaka aliyense amakachonga zake. Pobwerera amagulirana malalanje.

Koma chimene a Bweramawa amachikonda kuposa makina awo ndi ntchito ya Loweruka masana. Mpingo unawasankha iwo ndi akazi awo kuti azilangiza amene akufuna kumanga ukwati. Ena amalangizira m'tchalitchi, iwo amalangizira m'shopu momwemo. Amakhazika mnyamata ndi mtsikana pa benchi yogwedezeka ija, kuwapatsa zidutswa ziwiri zosiyana, singano imodzi, nati, "Lumikizani. Wina agwire, wina asoke." Ndiye mumaona zinthu! Wina kukoka, wina kubaya chala cha mnzake, wina kukwiya. Zikatero a Bweramawa amatembenuza thalauzi kuwaonetsa msoko wa mkati.

"Mukuona nsalu yotsalayi? Telala wanzeru amasiya malo. Munthu amanenepa, munthu amaonda. Banja lothina limang'ambika pa msoko."

"Ndipo lotaya kwambiri limavuka pagulu," amatero Mayi Mabatani osadzutsa mutu.

Mabanja amene anadutsa pa benchi imeneyo ndi ambiri, ndipo a Bweramawa amawadziwa onse, ndi masaizi omwe.

Chaka cha chisankho chitafika, ntchito inachuluka. A Wilibala ankabwera ndi nsalu zawo m'mawa, a Ketulo masana. Tsiku lina anakumana pakhomo, ndipo a Bweramawa anangoti, "Pukutani nsapato nonse." Analowa, nakhala benchi imodzi, wina kuyang'ana kudenga, wina kuwerenga mabatani.

Vuto linabwera ndi a mlembi a mpingo. Amenewa ndi bambo oongoka ngati lula, oyenda ndi cholembera chofiira pathumba, ndipo akamayankhula amayamba ndi kutsokomola kawiri. Ketulo samafuna n'kuimva komwe, mwina ndi tiyi yemwe amawiritsa m'poto. Iwowa anaona Mayi Mabatani pa msonkhano wa Ketulo, atavala nsalu ya chipani, akuvina mpaka fumbi koboo. Lamulungu lotsatira anakawanong'oneza abusa, ndipo Lachitatu kalata inafika m'shopu: a Bweramawa ndi akazi awo akaonekere kwa akulu a mpingo Loweruka masana, kukakambirana ngati banja logawikana pa ndale lingapitirize kulangiza mabanja ena.

Tsiku limenelo a Bweramawa anasokera mkono wa malaya kukhosi. Zaka zonsezi sanalakwitsepo choncho. Anasula, nasokanso, ulusi n'kuduka. Kuwachotsa pa ntchito ya Loweruka kunali ngati kuwalanda makina.

"Amayi," anatero mapini atachotsa kukamwa, "mwina mukanangokhala pansi pa msonkhanowo. Kuvinako ndiye kwatipalamulira."

"Abambo, inu pa msonkhano wa Wilibala munakhala pansi?"

"Ine ndinangogwedeza mapewa."

"Mapewa ake ati? Wometa tsitsi akuti chipewa chinagwa kawiri."

Anaseka onse, koma kuseka kwa bambo kunathera panjira. Mayi anawayang'ana, naika ayironi pansi.

"Mukufuna ndikaname kuti ndalowa Wilibala? Nenani, ndikanama. Koma Loweruka linalo mudzawauza chiyani ana aja pa benchi?"

A Bweramawa anachotsa phazi pa makina. Kenaka anapukusa mutu. "Ayi. Tikapita mmene tilili."

Loweruka anakalowa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe mumasungidwa mipando yothyoka ndi mayunifolomu a kwaya. Munali abusa, a mlembi, ndi akulu ena atatu, onse m'majekete ngakhale kunja kunali dzuwa loswa mtengo. A Bweramawa anayang'ana majeketewo ndipo mtima unakhalako pansi pang'ono, chifukwa onse asanu anatuluka m'manja mwawo. Tepi anaiwala kuvula, inali pakhosi pomwepo.

Atapemphera, a mlembi anaimirira. Khoso, khoso.

"Abusa ndi akuluakulu, ine sindidana ndi munthu. Koma Malemba amafuna mkazi azimvera mwamuna wake. Tsono apa bambo akukankha Wilibala, mayi anyamula Ketulo. Nyumba yoteroyo ingaphunzitse chiyani ana athu? Komanso telalayu akusokera mbali zonse ziwiri. Mkhristu aziima poyera! Ine chinthu cha Ketulo sichingandikhudze pathupi, ngakhale kaulusi."

Abusa anatembenukira kwa Mayi Mabatani. "Amayi, muli ndi mawu?"

"Pang'ono, abusa. Abambowa ndimawamvera. Atati tisamuke, ndinasamuka. Atadwala msana ndinapalasa makina miyezi isanu. Koma m'kachipinda kovotera sanandiuzepo kuti ndilowe nawo, ndipo boma limati mulowe mmodzimmodzi. Komanso ndimamva inu nomwe mukulalikira kuti pa ophunzira khumi ndi awiri aja, wina ankatolera msonkho wa boma, wina ankafuna boma lomwelo ligwe. Nanga sankadyera pamodzi?"

Mkulu wina anati "Mhmm," koma a mlembi anali atatentha kale. Anayankhula za Sodomu, za masiku otsiriza, za achinyamata a masiku ano, mpaka thukuta linayamba kutsikira m'kolala. Anapisa dzanja m'thumba la jekete kuti atenge kansalu kopukutira thukuta. Kansaluko kanakola. Anakoka mwamphamvu, ndipo thumba lonse linatembenuzika n'kulendewera panja ngati lilime la galu.

Pathumbapo panali ketulo. Yaikulu bwino, mlomo uli m'mwamba, nthunzi ikutuluka.

A Bweramawa anatseka maso. Anakumbukira bwino lomwe: jekete imeneyo anaisoka chaka cha chisankho chapitacho, nsalu ya matumba itawathera, ndipo anangopisa m'katoni muja. Thumba ndi thumba, ndani amaliona?

"Ichi n'chiyani?" a mlembi anafunsa ndi kaliwu kakang'ono.

"Ndi thumba, a mlembi," anatero a Bweramawa. "Pepani. Zidutswa sinditaya."

Mkulu wina wa Ketulo anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi Mabatani anamuyang'ana. "Achimwene, musanaseke kwambiri, taonani lanu." Anatembenuza lake: gudumu la wilibala ndi theka la chogwirira. Wachitatu anapeza chivundikiro cha ketulo. Abusa anazengereza, kenaka anapisa manja onse awiri nthawi imodzi. Kumanja wilibala, kumanzere ketulo.

"Kalanga ine," anatero abusa, "ndakhala ndikulalikira ndi zipani ziwiri m'chiuno!"

Apa ndiye panalibe wodziletsa. Anaseka mpaka amayi amene ankasesa m'tchalitchi anasuzumira pakhomo. A mlembi okha anaima njo, akuyesa kubwezera thumba mkati.

A Bweramawa anaimirira, nawathandiza kulibwezera bwinobwino, n'kusalaza jekete ndi chikhatho monga amachitira ndi kasitomala aliyense.

"A mlembi, ndalakwa posakuuzani, ndipo ndikusinthirani ulere. Koma ndifunseko. Zaka zisanu mwavala jeketeyi, mwalowa nayo pa mgonero, chopereka mwatulutsa m'thumba lomwelo. Inakulumanipo?"

A mlembi anatsokomola kamodzi kokha. "Ayi."

"Inang'ambikapo?"

"Ayi. Ndi yolimba."

"Ndi banja lathu limenelo. Nsalu n'zosiyana, koma msoko ndi umodzi, ndipo anausoka si ine."

Abusa anapukuta misozi ya kuseka, nafunsa akulu aja mmodzimmodzi. Anagwirizana kuti ntchito ya Loweruka ipitirire, kungoti nsalu za chipani zizichotsedwa pa benchi ana akabwera kudzalangizidwa. A mlembi anakweza dzanja pomalizira, pang'onopang'ono ngati likulemera, koma analikweza. Analemba okha chigamulocho ndi cholembera chofiira chija.

Jekete sanabwere nayo kudzasinthitsa. Amene anabwera naye, patatha miyezi iwiri, ndi mwana wawo wamkazi ndi chibwenzi chake, mnyamata wa Ketulo wodziwika. Anawasiya pakhomo, napukuta nsapato ngakhale kunalibe matope, n'kubwerera osalowa.

Masiku ano a Bweramawa akadali pomwepo, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Kasitomala aliyense akalandira chovala amayamba watembenuza matumba, ndipo ena amachita kupempha kuti awaikire zonse ziwiri ngati abusa.

Chisankho chitatsala sabata imodzi, wometa tsitsi anasuzumira pazenera, sizasi ili m'manja.

"Madala, tiuzeni zoona. Ketulo ikawina, amayi akayamba kuvina m'shopu muno, inu mudzalowera kuti?"

A Bweramawa anachotsa pini imodzi kukamwa, nayang'ana akazi awo pakona paja.

"Ndidzawayeza diresi la chikondwerero, lokongola kuposa onse m'tauni muno. Akadzafunsa kuti latha, ndidzati abwere mawa."