Windo la Amake Keziah

Ku Kabwata, munthu akamva kulira kwa galasi lodulidwa amadziwa kuti a Meshack adzuka. Ntchito yawo ndi mawindo a magalasi amitundumitundu. Amadula tizidutswa, n'kutilumikiza ndi mizere ya mtovu, n'kuwotcherera mpaka papepala pamene panali chojambula patuluke duwa kapena nkhanga. Anaiphunzira ali mnyamata pokonza mawindo a tchalitchi kwawo ku Chipata. Lero nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi Woodlands zikuwala ndi manja awo, ngakhale eni ake amabisa mawindowo kuseri kwa zitsulo zoopera akuba.

A Meshack ndi munthu wokhutira. Zala zawo n'zodzaza zipsera, koma amaimba nyimbo za kwaya tsiku lonse. Chimodzi chokha: kunyumba kwawo, windo la pabalaza linatha zaka lotsekedwa ndi thabwa. Woumba mbiya aphikira m'phale, ndipo akazi awo, a Virginia, amake Keziah, sankatopa kuwakumbutsa.

"Ba Meshack, mabwana mwawapangila, ise tizaona liti? Olo tikafa?"

"Nizapanga, amake Keziah, osadandaula," ankayankha choncho akuseka.

Kuseka kunatha pamene shuga anayamba kudya maso a mayiwo. Kuchipatala ananena mosabisa kuti kuwala kukupita, sikubwerera. A Meshack anachita mantha kwambiri. Anakana ntchito ina ya ku Chelstone, nakhuthula chitini cha zotsalira zomwe ankasunga, nasankha zabuluu zokhazokha. Buluu ndiye mtundu wa pamtima pa a Meshack, wodulanso kuposa yonse. Mkazi wawo akanampatsa chiyani china?

Atalikhoma windolo, anawagwira dzanja a Virginia n'kuwaimika patsogolo pake. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwachosa thabwa kapena mukalibe?" anafunsa mofatsa.

Zinawapweteka a Meshack. Munthu amene pa nyumba ya kasitomala amafunsa mpaka kumene dzuwa limatulukira, kwawo anaiwala kufunsa chimene maso a mkazi wawo ankaonabe. Anatenga tizidutswa, nayamba kutikweza padzuwa kamodzikamodzi. Kabuluu, mdima. Kobiriwira, mdima. Kofiira, a Virginia anamwetulira. Kachikasu, anawomba m'manja.

Windo labuluu lija a Meshack analiphwasula lonse. Latsopanolo lilibe duwa, lilibe mbalame, ndi zigamba zazikuluzikulu zofiira ndi zachikasu basi. Keziah, mwana wawo, amati likuoneka ngati chitenje cha pa City Market, ndipo sakunama. Kasitomala wa ku Kabulonga sangalilandire ngakhale laulere.

Koma m'mawa uliwonse dzuwa likafika pakhoma limenelo, a Virginia amakoka mpando, n'kutambasula manja m'kuwala kofiirako, n'kuitana kuseri kwa nyumba kumene galasi likulira:

"Atate ake Keziah, bwelani! Na lelo naliona."