Mawu Amodzi M'kalata Yabodza

Ndine ndinayambitsa zonse, ndipo sindinganame kuti zinachitika mwangozi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Fomu 2, pa sekondale yoyendera kufupi ndi Mwenilondo, ndipo chimene chinkandiwawa mumtima chinali Lachisanu masana.

Kale Lachisanu masana inali nthawi ya mpira. Ndiye kunabwera aphunzitsi a Jogalafe, a Kayange, achinyamata ndithu, amene komiti ya makolo inawalemba ganyu podikira kuti boma liwatenge. Ankakhala ku Karonga Boma kwa akulu awo, kumene kunali dishi ndi dikoda. Akaona pulogalamu ya mapiri ophulika, ya mitsinje kapena ya zivomezi pa wailesi yakanema, ankaijambula n'kuisunga pa laputopu yawo. Lachisanu likakwana ankabwereka sikirini ya mu ofesi ya a hedi ndi batire ya sola, n'kutchinga mawindo ndi zitenje za atsikana. Kutentha kwa kwathu mukukudziwa. Tinkakhala mmenemo thukuta lili kamukamu, fungo la nsapato lili ponseponse, ndipo kanema akatha ankatilembetsa mafunso khumi. Mpira unafera pomwepo.

Makanemawo anali abwino, zimenezo ndivomere. Wa zivomezi uja ndiye anatikhalitsa chete tonse, chifukwa ambiri a ife kwathu kuli khoma limene lili ndi mng'alu wa chivomezi mpaka lero. Koma ine ndinali wosewera kutsogolo, ndipo miyendo inkandiyabwa.

Tsiku lina kanema atatha, timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi tinayamba kukwera pa sikirini. Ndinatiwerenga chifukwa chosowa chochita. Tinkanena kuti munthu asajambule kapena kuonetsa pulogalamuyo popanda chilolezo cha eni ake. Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kodi eni ake a kanemayu munawapempha?"

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Iwe Lusekelo, yankha mafunso ali pa bolodi." Anazimitsa sikirini mofulumira kuposa masiku onse. Pamenepo ndinadziwa kuti yankho alibe.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Boma, kumene msuweni wanga amagwira ntchito pa kashopu kotayipa ndi kufotokopa. Iye atapita kukagula chipisi, ndinakhala pa kompyuta kuti ndilembe kalata yopita kwa a hedi. Chingerezi changa chikanandiulula pa mzere woyamba, choncho ndinalemba m'Chichewa, poganiza kuti anthu a kum'mwera amatero. Pamwamba ndinaika dzina la ofesi imene ndinaipeka ndekha, yoona za eni makanema, ku Blantyre. Pansi pake ndinalemba kuti: "Tamva kuti pa sukulu yanu pali mphunzitsi amene akuba makanema pa wailesi. Mlandu umenewu ndi waukulu chomene. Tibwera posachedwa ndi apolisi." Ndinaiwerenga katatu, osaonapo cholakwika. Chidindo ndinasema pa silipasi yakale ya mlongo wanga, n'kupaka inki ya bolopeni. Lolemba m'mawa, mlonda ali kuseri kothirira maluwa, ndinailowetsa pansi pa chitseko cha a hedi.

Ine ndinkangofuna Lachisanu limodzi lokha. Chimene sindinaganizire n'chakuti akuluakulu akaopsezedwa sayamba ndi kufunsa ngati nkhaniyo ndi yoona. Amayamba ndi kufunsa kuti wanena ndani.

Pofika Lachiwiri sukulu yonse inali kuyang'anana cham'mbali. A Kayange anakayikira a Gondwe, aphunzitsi a Masamu, amene anadandaulapo kuti makanemawo akumaliza batire ndipo iwo akusowa potchajira foni. Anthu awiri amene ankadyera mandasi m'pepala limodzi anasiya kupatsana moni. A Gondwe nawo ankauza aliyense kuti wachita zimenezi ndi mwini wa nyumba yoonetsa makanema pa msika, poti ana ayamba kuonera zaulere kusukulu. Mlonda ankati ndi kholo lina lansanje. M'kalasi mwathu atsikana ankaloza anyamata, anyamata ankaloza a Fomu 4. Ine ndinkathandiza nawo kufufuza, ndipo ndinapereka mayina awiri.

A Kayange anasintha. Pophunzitsa, maso awo ankakhala pawindo, ndipo minibasi iliyonse ikaima pa msewu wa M1 ankasiya kulankhula mpaka aone amene watsika. Lachitatu kunatsika bambo wovala tayi, atanyamula chikwama chakuda, nalunjika ku ofesi. A Kayange anasiya mawu pakati pa bolodi, naika choko pansi, natuluka ngati akupita kuchimbudzi. Sanabwereko mpaka belu. Bamboyo anali wogulitsa mankhwala a chiswe. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, nkhope nditaibisa m'kope.

Lachisanu tinasewera mpira, ndipo ndinagoletsa zigoli ziwiri. Pothamangira mpira umene unatuluka, ndinaona a Kayange atakhala pansi pa mtengo wa mango, laputopu ili pamiyendo. Tusekile, mtsikana amene ankakhala patsogolo panga m'kalasi, anali ataima pafupi ndi bwalo.

"Akufufuta makanema aja," anandiuza. "Akuti apolisi akabwera asapeze kanthu. Ndipo komiti ikumana Lolemba kuti ione ngati ikuwasunga kapena ayi. Amene wachita izi ndi mfiti."

"Mfiti yeniyeni," ndinavomera.

Ntchito ya munthu inali pa ulusi chifukwa cha silipasi ya mlongo wanga. Koma kuti ndipite ndekha kwa a hedi, miyendo yomwe inagoletsa zigoli ija inakana.

Lolemba kunabwera Madamu Chisale, aphunzitsi athu a Chichewa, a ku Dedza, amene sabata yonseyo anali kumaliro kwawo. Atamva nkhaniyo anapempha kuti aione kalatayo. Komiti isanakhale pansi, analowa m'kalasi mwathu, dzanja lina kalata, lina mulu wa makope athu a chimangirizo. Anaiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ndipo atafika pakati anaima.

"Anthu a ku Blantyre ayamba liti kunena kuti chomene?"

Kalasi inaphulika ndi kuseka. Chomene ndi mawu athu a Chitumbuka, kutanthauza kwambiri, ndipo amatuluka okha pakamwa ngati mpweya. Ine ndinaseka nawo, poti theka la kalasi limayankhula choncho.

"Kuyankhula, nonse mumayankhula," anapitiriza Madamu. "Koma amene amalemba chomene m'chimangirizo, amene ndamuzunguliza ndi inki yofiira kuyambira Fomu 1, alipo mmodzi." Anatsegula kope langa, nalikweza kuti onse aone. Tsamba lililonse linali ndi mawilo ofiira.

Ndinayesabe. "Madamu, mwina ku Blantyre kulinso Atumbuka."

"Aliko ndithu, mwana wanga. Koma sadinda makalata ndi silipasi." Anandionetsa chidindo chija. M'mphepete mwake munkaoneka timizere ta kunsi kwa silipasi, bwinobwino.

Mu ofesi ndinapeza a hedi, a Kayange ndi a Gondwe. A hedi anati sabata yonseyo sanangokhala, anafunsa anthu odziwa malamulo. Anandifotokozera ngati akufotokozera tonse atatu. Kanema ali ndi mwini wake, zimenezo n'zoona, monga munda wa mpunga uli ndi mwini wake. Koma lamulo limasiyanitsa mphunzitsi amene wajambula pulogalamu kuti aphunzitsire ana ake m'kalasi, osalipiritsa munthu pakhomo, osagawa kapena kugulitsa, ndiponso akutchula eni ake, ndi munthu amene wajambula kuti akaonetse pa msika kapena adzaze mafoni a anthu. A Kayange anali mbali yoyambayo. Chimene ankaiwala ndi kutchula eni ake basi.

A Kayange anandiyang'ana. "Funso lako lija linali labwino," anatero. "Ndinachita mantha chifukwa yankho ndinalibe, ndipo ndinachita manyazi kufunsa. Kalatayi ndiye ndi yachibwana." Kenako anatembenukira kwa a Gondwe. "Achimwene, ndinakuganizirani zoipa." A Gondwe anangoti, "Batire ija mumamalizadi," ndipo onse anaseka.

Komiti inawasunga a Kayange. Koma makanema anayi anali atafufutidwa kale, pamodzi ndi wa zivomezi uja, ndipo sanabwerenso pa wailesi chaka chimenecho. Tusekile sanandiyankhule mwezi wathunthu. Pamenepo pokha ndi pamene panandiluma. Lero ndimadziwa kuti timalemba tija sitinama, koma sitinena zonse, ndipo munthu amene sakudziwa malire a chimene akuloledwa amaopa ngakhale wogulitsa mankhwala a chiswe.

Chilango changa chinali cha mitundu itatu. Ndinawerenga kalata yanga pa asembule, ndipo nditafika pa mawu aja sukulu yonse inandithandiza kuwatchula. Ndinakumba dzenje la zinyalala kuseri kwa Fomu 1. Ndipo Lachisanu lililonse mpaka kutseka sukulu ndinkanyamula sikirini ndi batire pamutu, n'kuima kutsogolo kunena dzina la pulogalamu, wailesi imene yachokera, eni ake, ndi kuti tikuonera pofuna kuphunzira basi. Anzanga anandipatsa dzina loti Bwana Chomene, ndipo ndinkaliyankha mosangalala. Wonyamula sikirini amakhala mpando wakutsogolo, pafupi ndi chitseko pamene pamalowa kamphepo.

Dzenje litatha, a hedi anabwera kudzaliona, manja ali kumbuyo.

"Ndiye waphunzirapo chiyani, Lusekelo?"

"Kuti mawu oyenera ndi kwambiri, bwana."

Anandiwonjezera dzenje lachiwiri. Nthaka yake inali yofewa, ndinalimaliza belu la nkhomaliro lisanalire.