Nkhwani wa M'munda mwa a Cottle

Mayi Bessie Chimbalanga anabadwira ku Mulanje, ndipo anafika ku England m'chaka cha 2005 atagwira unamwino ku Blantyre zaka zisanu ndi zinayi. Poyamba anakhala ku Barking pamodzi ndi amuna awo, a Overton, amene amayendetsa basi. Mwana wawo Mwai atakula n'kuchoka pakhomo, banjali linasamukira m'kamudzi kena kumpoto kwa Romford. Pa mapu kamudziko kali mu London ndithu, koma kali ndi tchalitchi chimodzi, sitolo imodzi, akavalo m'mipanda, ndi basi yodutsa kamodzi pa ola.

Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Pa nthawi imene nkhaniyi inachitika, m'chikwama mwawo munali makiyi a nyumba zisanu ndi imodzi. Anthu a kumeneko sapereka kiyi kwa munthu wamba, ndipo ukangomveka kuti umasolola, sakukalipira ayi. Amangopempha kiyi wawo mwaulemu, osakuuza chifukwa. A Bessie ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ngakhale bisiketi ya pa mbale sankaitola mwini nyumba asanawapatse kawiri.

Mmodzi mwa okalambawo anali a Ted Harbottle. Iwo ankabwereka kamunda kuseri kwa tchalitchi, kumene kuli timinda tambiri togundana toyang'aniridwa ndi komiti ya m'mudzi. Mu Julayi chaka chatha atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, anapempha a Bessie kuti aziwathirira nyemba, nawauza kuti chilichonse chili m'munda mwawo atenge.

Kamunda koyandikana nako kanali ka a Maurice Cottle. Dzungu lawo linali litayanga n'kudutsa malire, mpaka kulowa pakati pa nyemba za a Harbottle. A Bessie ataona masamba aja, ofewa, opanda chiboo n'chimodzi chomwe, mtima unawauza kuti ndiwo zikuwonongeka. Kwawo anakula akudziwa kuti dzungu likayangira m'munda mwako, nkhwani ungathyole, bola dzungu lenilenilo usalikhudze. Ndiponso m'zaka zonsezo anali asanaonepo mzungu akudya nkhwani. Choncho Loweruka lililonse, kanayi konse, anathyola nsonga ndi masamba anthete, kukasadzula, kuwiritsa pang'ono, n'kusunga mufiriji m'timapepala tapulasitiki. Pa kalikonse ankalembapo tsiku, monga anazolowerera kuchipatala.

M'mudzimo mumatuluka kanyuzi ka mapeji anayi, kamene amalowetsa pa chitseko mwezi uliwonse. Mumakhala nthawi za mapemphero, dzenje la pa msewu limene khonsolo sikukwirira, mphaka wosowa. Ka mu Ogasiti kanayamba ndi nkhani yakuti munthu wina wanjiru akudula dzungu limene a Cottle akulera kuti akapikisane nalo pa chionetsero cha mu Sepitembala. Dzungulo lasiya kukula. Aliyense amene anaonapo kanthu auze komiti, imene ikumana Lachinayi masana muholo.

A Bessie anawerenga katatu ali chilili. Kenaka anakatsegula firiji, nayang'ana timapepala tija, n'kutsekanso.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unaoneka ngati ukudziwa. Mayi wa m'sitolo anawafunsa ngati a Harbottle akupeza bwino, funso limene anali asanafunsepo. A Joan Pettifer, amene amalemba kanyuziko, anawapatsa moni kawiri m'mawa umodzi, ndipo kachiwiriko maso awo anali pa chikwama. Kunyumba ina mwana wa gogo anaimba foni pa nthawi yeniyeni imene iwo anali m'khichini. Mwina zonsezi sizinali kanthu. Koma a Bessie anayamba kusiya chikwama chili chotsegula pakhomo pa nyumba iliyonse, kuti wofuna kusuzumira asuzumire.

A Bessie atawafotokozera, a Overton anaseka mpaka kutsokomola, kenaka ataona nkhope ya akazi awo anasiya.

"Amake Mwai, ingokhalani phee. Ndani angaganize za ndiwo? Anthu awa masamba amataya ku kompositi."

"Nanga akadziwa okha? Ndi makiyi onsewa?"

"Adziwa bwanji? Umboni tikuudya. Titsirize wikendi ino, ndigula nsinjiro ku Barking."

Anawauzanso kuti munthu wakuda mmodzi yekha m'mudzi sadzipereka yekha ku bwalo, ndipo kuti mitingi ya maungu si yojombera shifiti. Koma Lachinayi a Bessie anasinthana shifiti ndi mnzawo napita kuholo, akudziuza kuti akungokamvetsera.

Munali anthu pafupifupi makumi awiri. A Bessie anakhala kumbuyo, pafupi ndi ketulo. Posakhalitsa anazindikira kuti palibe amene ankawaganizira n'komwe. A Cottle anali atapeza kale wolakwa wawo: a Derek Pring, amene dzungu lawo linapambana zaka zinayi zotsatizana. Wina anati anawaona Loweruka atanyamula sizasi. Wina anakumbutsa kuti awiriwa sanalankhulane chiyambire mkangano wa payipi ya madzi. A Pring anangoti sizasiyo inali ya maluwa a pamanda a akazi awo. Wapampando anati ngati palibe china, avote zowalanda munda a Pring.

Apo ndi pamene a Bessie anaimirira. Ananena m'Chingerezi chawo chosamala kuti amene anathyola masamba a dzungulo ndi iwo, ku mbali imene inalowa kwa a Harbottle, ndipo kuti anathyolera kudya.

A Cottle anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana a Pring.

"Wakutumani ndani, Sisita? Palibe munthu amadya masamba a dzungu. Ali ndi minga."

Mingayo imachoka posadzula, anatero a Bessie, koma anaona kuti mawuwo sakulowa. Anapempha mphindi khumi. Anapita kunyumba, nabwera ndi timapepala tisanu tozizira n'kutiyala pa tebulo la wapampando. A Cottle anatulutsa kabuku kamene ankalembamo kukula kwa dzungu lawo, navala magalasi. Masiku onse anayi a pa timapepalato anagwirizana ndi masiku amene iwo analemba kuti dzungu ladulidwa. Anagwira kapepala kamodzi, nakanunkhiza, nafunsa kuti tina tili kuti. Atamva kuti titatu tinadyedwa kale, anatseka kabuku kaja. A Bessie anapepesa, nati angawabwezere totsalato. A Cottle anati sakudziwa kuti angachite nato chiyani.

Voti inalekeka. Potuluka, a Pettifer anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti angolemba zoti nkhani yatha, popanda dzina. A Bessie anaganiza za makiyi. Anaganizanso kuti popanda dzina, theka la mudzi lizingolozabe a Pring.

"Lembani dzina langa. Ndikulembereni pa pepala kuti musaliphonye."

Kanyuzi ka mu Sepitembala kanalemba zonse m'mizere isanu, pansi pa nkhani ya dzenje la pa msewu. Nyumba zisanu sizinasinthe kanthu, ndipo a Harbottle ankawaseka tsiku lililonse kuti asawathyolere maluwa a pa windo. Kunyumba yachisanu ndi chimodzi, mwana wa gogo uja anabwera patatha milungu iwiri, nati akusintha loko ndipo kiyi watsopano awatumizira. Mwanayo anawathokoza kwambiri. Kiyiyo sanabwere, ndipo ku ofesi ya kuntchito kwawo anangowauza kuti banjalo lakonza zina.

A Overton amati n'kutheka kuti lokoyo inali yoonongekadi. A Bessie amadutsa pa nyumbayo m'mawa uliwonse popita kwa a Harbottle. Anayang'anitsitsapo chitsekocho kangapo, koma kuchokera pa msewu munthu sangadziwe ngati loko ndi yatsopano kapena ndi yakale yomwe ija.